Madzi a Fodya ndi Timphaka Tinayi

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinadzipatsa udokotala. Palibe amene anandilemba ntchitoyo, ndipo palibe amene akanandilemba, poti ndinali mwana wobwereza sitandade faifi, wa ming'alu ku zidendene, amene luso lake lonse linali kuwerenga chilichonse chokhala ndi zilembo. Kwathu, cha ku Kaluluma, mabuku anali osowa. Ndiye ndinkawerenga matumba a fetereza, mapepala okulungira usipa, zitini za mafuta odzola, ngakhale mawu olembedwa kumbuyo kwa malole odzatenga fodya. Mayi ankati tsiku limene ndidzafe ndidzadzuka pang'ono kuti ndione ngati dzina langa alilemba bwino pa mtanda.

Zinali zaka za makuponi. Chaka chimenecho bambo anapata kuponi, ndipo matumba awiri a fetereza anafika pa ngolo ngati alendo olemekezeka, n'kukagona kuchipinda kwawo pamwamba pa njerwa. Pothira tinkagwiritsa ntchito kakapu kachikasu ka pulasitiki, koyezera fetereza wa paphando limodzi, kokhala ndi nambala pansi pake. Fetereza atatha, matumba anasanduka mphasa ndi zitseko, ndipo kakapu kaja kanangokhala kotayika pakhomo, lero pazenera, mawa m'chigafa.

Chigafa chathu chinali kuseri kwa nyumba, chachitali, chofolera ndi udzu. Mwezi wa Malichi chinkadzaza ndi fodya wa bale wolendewera pa mikangala, mizere mizere mpaka kudenga, ndipo munthu ukalowamo unkayenda chowerama, masamba akukukhudza m'khosi ngati zala zozizira. Fungo lake linali paliponse: m'malaya, m'tsitsi, m'madzi akumwa. Ife eni ake sitinkalimvanso. Mlendo ndiye ankayetsemula.

M'chigafamo munkakhala mphaka wathu wamkazi, amene bambo ankangomutchula kuti amlonda. Makoswe akakusowa chimanga amadula zingwe za fodya ndi kuboola ziguduli za mabelo, choncho mphaka pakhomo pa mlimi wa fodya sachita kumuweta chifukwa cha kukongola. Chaka chimenecho anaswa tiana tinayi pangodya ya chigafa. Titangoyamba kuyenda dzandidzandi, mayi wawo anagundidwa ndi galimoto ya mavenda ogula fodya, kumsewu wa fumbi wodutsa kumunsi kwa munda wathu. Bambo anamukwirira pansi pa mthethe, n'kubwera kudzaima pangodya paja manja ali m'chiuno.

"Titi tikafa, makoswe atidya amoyo," anatero. "Tileredwe."

Amene anatilera anali mlongo wanga Tiyamike, wa zaka zisanu ndi ziwiri. Sanachite kuuzidwa. Anatenga dengu lothyoka, n'kuyalamo thumba la fetereza lotsuka, n'kutipatsa mayina: Khala wakuda, Mawanga, Phulusa, ndi kotsiriza kochepetsetsa, kamene anati dzina lalikulu lingakalemere, choncho kanangokhala Kanthu. M'mawa uliwonse ankapita ndi botolo kwa amalume, amene anali ndi ng'ombe yamkaka, ndipo ankatimwetsa ndi supuni, kamodzikamodzi, akutiyankhula ngati mzimayi wa ana ambiri wotopa nawo. Ine ndinkangodutsa, ndikuponya malangizo.

Patapita masiku anayi kapena asanu, ndikuchokera kusukulu, ndinamupeza atakhala pakhomo pa chigafa akundidikira.

"Achimwene, tabwerani mudzaone. Akuchita chimbudzi chachilendo."

Ndinalowa. Thumba lija linali litadetsedwa ponseponse. Chimbudzi chake sichinali cholimba ngati cha mphaka amene timamudziwa, amene amakakwirira yekha kumchenga. Chinali chamadzi, chachikasu chopita kobiriwira, chamafinya pang'ono, ndipo fungo lake lowawasa linkapyoza ngakhale fungo la fodya. Ubweya wa kumichira unali utamatana. Timimba tinali titatupa ngati tadya kwambiri, koma ukagwira pamsana unkawerenga mafupa. Tiyamike anatola kamtengo n'kundilozera pakati pa chimbudzi cha Khala. Panali kanthu koyera, kowonda ngati ulusi wosokera fodya, ndipo tili chiyang'anire kanadzipinda.

"N'chiyani chimenechi?" anafunsa chapansipansi.

Yankho loona linali lakuti sindikudziwa bwino. Koma m'thumba la kabudula wanga munali pepala limene mayi anabwera nalo kumsika litakulunga sopo, lofotokoza za matenda a mbuzi. Ndinali nditaliwerenga kambirimbiri. Linkanena kuti njoka zam'mimba zimatupitsa mimba, zimatsegulitsa m'mimba, ndipo zimapha ziweto zazing'ono zikapanda kumwetsedwa mankhwala msanga. Pamene pankayenera kutchulidwa mankhwalawo pepala linali long'ambika. Theka linalo liyenera kuti linakulunga sopo wa munthu wina.

"Ndi njoka zam'mimba," ndinatero, ndi mawu a munthu amene waona zambiri. "Usadandaule. Zimachizika."

Anandiyang'ana ndi maso amene mpaka lero ndikanakonda akanapanda kundiyang'ana nawo. Anandikhulupirira.

Tsono apa ndi pamene nzeru zanga zinagwira ntchito. Pakhomo pathu, monga pa makomo ambiri a alimi a fodya, mankhwala a tizilombo anali fodya yemweyo. Nkhuku zikagwidwa utitiri, bambo ankanyika nyenyeswa za fodya m'ndowa n'kuwaza m'khola. Mbuzi ikadzaza nkhupakupa ankaipaka madzi omwewo kumakutu, ndipo m'mawa mwake nkhupakupa zinkayoyoka. Ndinali nditaziona ndi maso anga. Ndiye ndinadzifunsa kuti, chimene chimapha tizilombo ta kunja kwa thupi, chingalephere bwanji ta m'kati? Ndinadabwa kuti palibe amene anaganizapo zimenezi ine ndisanabadwe.

Sindinauze munthu. Ndinkafuna kuti timphaka tichire kaye, kenako ndidzaulule pa chakudya chamadzulo, modzichepetsa. Ndipo sindinatenge nyenyeswa zapansi. Wodwala amafunika chinthu chabwino. Ndinasolola tsamba limodzi pa ndindi, kamtolo ka fodya amene bambo anali atasankha kale kuti ndi wa giredi yapamwamba, lalitali, lofiirira bwino, lopanda banga. Ndinalinyenya m'chitini, n'kuthira madzi, n'kubisa kuseri kwa nkhokwe pamene dzuwa linkawomba. Pofika tsiku lotsatira madzi aja anali ngati tiyi wopanda mkaka. Choyezera ndinasankha kakapu kachikasu kaja, chifukwa kanali ndi nambala, ndipo nambala inkandipangitsa kumva ngati ndikuchita zinthu mwa dongosolo.

Masana amenewo Tiyamike anapita ndi mayi kumjigo. Ndinayamba ndi odwalitsitsa, Khala ndi Mawanga. Ndinawatsegula kukamwa ndi chala, n'kuthira pang'onopang'ono. Anaphiriphitha, anatsokomola, koma anameza. Ndinawabwezera m'dengu, n'kuponya kakapu pansi pa thumba, n'kupita kukamasula mbuzi ndikuimba mluzu.

Sindinachedwe kudambo. Pobwera, ndili pa mtunda ndithu, ndinaona Tiyamike atagwada pakhomo pa chigafa, ndowa yake ya madzi itagudubuzika pambali. Sankalira. Anali atanyamula Mawanga m'manja onse awiri, kutali pang'ono ndi chifuwa chake, ngati chinthu chotentha. Dovu linkatuluka m'kamwa mwa kamphakako ngati ulusi. Thupi lonse linkanjenjemera, kenako n'kuuma gwa, miyendo itatambasuka, kenako n'kuyambanso kunjenjemera. Kankapuma mofulumira kwambiri moti nthiti zinkaoneka ngati zikuthamanga. Khala anali atafa kale m'dengu, pakati pa masanzi abulauni, maso ali tong'o.

"Achimwene, munati zimachizika."

"Njoka zinachuluka," ndinatero. "Tachedwa."

Chimene chimandiopsa ndikakumbukira n'chakuti sindinkanama kwenikweni. Ndinkakhulupirira. Ndinadziuza kuti mankhwala anapeza njoka zitakhwima kale, ndipo pomenyana nazo m'mimba wodwala ndiye anagonja. Ndinaganizanso kuti mwina ndinachulutsa pang'ono. Dokotala wabwino amaphunzirapo kanthu. Choncho m'mawa mwake, lomwe linali Lachinayi, ndinathira madzi ena m'chitini muja kuti asungunuke, n'kudikira mpata.

Mpata unavuta chifukwa kuyambira tsiku limenelo Tiyamike anayamba kuyenda ndi Kanthu m'kansalu kake pachifuwa. Masana, mayi atamutuma kukapereka botolo kwa amalume, anamuuza kuti asiye mphaka, anthu angamuseke. Anamusiya m'dengu. Ndinamwetsa Phulusa theka la kakapu. Nditagwira Kanthu, anandikanda, n'kupotoza mutu, ndipo ambiri anatayikira pa dzanja langa. Analowa madontho ochepa chabe. Ndisanayesenso ndinamva mapazi, ndiye ndinabisa kakapu pomwe paja.

Ulendo uno sindinapite kudambo. Ndinakhala pa chipika kuti ndione mankhwala anga akugwira ntchito. Ndinaona. Phulusa anayamba kunyambita milomo, kenako dovu, kenako anayesa kuimirira n'kugwera chammbali. Zonse zimene zinachitika kwa Mawanga zinabwera mu ndondomeko yomweyo, ngati nyimbo imene ndinaimva kale. Pamwamba pathu masamba a fodya ankagwedezeka pang'onopang'ono ndi mphepo, mazanamazana, osapanga phokoso. Phulusa sanalire ngakhale kamodzi. Ankangotsegula kukamwa ngati akulira, mawu osatuluka. Pamene ankatsirizika, dzuwa lisanalowe, ndinali nditadziwa. Panalibenso njoka zoti ndizinamizire.

Bambo anabwera kuchokera kumunda atamva kulira kwa Tiyamike. Anatulutsa Kanthu, amene ankanjenjemera koma ali moyo, n'kukutumula thumba lija kuti aone ngati munali njoka yeniyeni kapena chinkhanira. Kakapu kachikasu kanagwa n'kugudubuzika mpaka pa phazi lawo. Anakatola. Anakanunkhiza, koma mphuno ya munthu amene wagona ndi fodya miyezi iwiri ingamve chiyani m'chigafa? Anangoona nambala ija.

"Kakapu ka fetereza kakutani muno?"

Anatembenukira kwa Tiyamike.

"Tiya. Unamwetsera aka?"

Mlongo wanga anayang'ana pansi. "Kamodzi, bambo. Supuni itasowa. Koma ndinatsuka."

"Unatsuka. Fetereza amawotcha chimanga chikakhudzana naye, ndiye m'mimba mwa kamwana ka mphaka? Wapha ndi manja ako, mwana iwe."

Sanamumenye. Bambo sanali omenyamenya. Anangomuuza kuti asapondenso m'chigafa, ndipo anatenga Kanthu n'kumuika m'manja mwanga.

"Yosefe, iwe umawerenga. Samala kameneka."

Ndinali nditaima pompo, chala changa chikununkha fodya wonyowa, ndipo ndinalandira. Ndakhala ndikufufuza m'mutu mwanga zaka zonsezi kuti mwina ndinatsegula pakamwa n'kulephera, mwina ndinayamba kunena wina n'kundidula. Ayi. Ndinati, "Chabwino, bambo."

Masiku awiri otsatirawo anali aatali. Madzi a fodya ndinakataya kuchimbudzi, chitini n'kuchiponya m'tchire. Ndinapitiriza kumwetsa Kanthu mkaka wa ng'ombe poti china sindinkadziwa, ndipo ankapitiriza kutsegula m'mimba, tsopano zamadzi okhaokha, nthawi zina ndi kadontho ka magazi. Ankazizira. Maso analowa m'kati. Tiyamike sankadya. Ankakhala pa muzu wa mango, pamalire amene bambo anamuikira, n'kumayang'ana khomo la chigafa. Ndikatuluka ankafunsa, "Wamwa?" Ndinkati wamwa. "Wachita chotani?" Ndinkati chikusintha. Ndinamuona kangapo akusamba m'manja ndi mchenga, mobwerezabwereza, popanda chimene wagwira.

Loweruka m'mawa kunabwera a Mkandawire, amene ankazungulira m'midzi pa njinga kupereka katemera wa chitopa ku nkhuku. Anali munthu wamfupi, wa chipewa cha nsalu, wochokera kumpoto kwenikweni, ndipo Chichewa chawo chinkatuluka ndi Chitumbuka m'mbali mwake. Fodya sankalima, sankasuta, ndipo ankati chigafa chimawapweteketsa mutu. Ine ankanditcha a hedimasitala, chifukwa tsiku lina anandipeza ndikuwerenga fulasiki yawo ya katemera.

"Monire mose! A hedimasitala, gwirani nkhuku, lero kulibe sukulu."

Tinagwira nkhuku imodzimodzi iwo akudonthezera m'maso. Titatsala pang'ono kumaliza, Tiyamike, amene ankaopa alendo moti ankabisala kumbuyo kwa mayi, anabwera yekha n'kugwira chishalo cha njinga yawo.

"Mumachizanso amphaka?"

"Amphaka? Mama, amphaka salipira. Koma tiyeni tione."

Anakana kulowa m'chigafa, choncho ndinatulutsa dengu n'kuliika pabwalo, n'kugwiranso nkhuku yotsala. Anagwada. Anayang'ana kaye thumba, nthawi yaitali, akutembenuza chimbudzi ndi kamtengo monga anachitira Tiyamike. Anatsina chikopa cha pakhosi pa Kanthu n'kuchisiya, ndipo chinakhala chiimire osabwerera. Anamutsegula milomo n'kuona nkhama zoyera ngati pepala.

"Mukumupatsa mkaka wa ng'ombe?"

Mayi anavomera.

"Yayi, amama. Mkaka wa ng'ombe ngwa thole. Kamphaka sikaugaya, umangodutsa n'kukokolola madzi onse m'thupi. Njoka nazo zilimo, izi amayamwira kwa mayi wawo, pafupifupi onse amakhala nazo. Zimenezi n'zochizika. Anzake ali kuti?"

Bambo anafotokoza za atatu aja ndi za kakapu ka fetereza. Tiyamike anali ataima pambali, manja kumbuyo.

"Anafa bwanji? Anafooka masiku angapo, kenako n'kugona osadzuka?"

"Ayi," anatero Tiyamike. Kanali koyamba kuyankhula za imfayo. "M'mawa amayenda. Masana dovu, n'kumanjenjemera, n'kuuma. Msangamsanga."

A Mkandawire anasiya kumwetulira. "Kutsegula m'mimba sikupha choncho. Ndipo kakapu kotsuka, kamodzi, masiku apitawo? Yayi." Anatembenukira kwa mlongo wanga, mofatsa. "Mwana wane, wamupa vichi? Unawapatsa chiyani china? Nena, sindikukalipira. Ndifuna ndidziwe chimene chili m'mimba mwa aka katsalaka."

"Mkaka wokha," anatero. "Mkaka wokha, ndikulumbira."

Apa panali pachiwiri pamene ndikanayankhula. Moyo wa Kanthu unali pa yankho limenelo, ndipo ndinkadziwa. Ndinayang'ana nkhuku imene inali m'manja mwanga ngati ndaiona koyamba.

"Kakapuko kali kuti?" anafunsa a Mkandawire.

Bambo anakatenga pazenera. Palibe amene anali atakatsuka. A Mkandawire anakayang'ana m'kati, mmene munali mzere wabulauni wouma, n'kuyenda nako mpaka kumsewu, kutali ndi chigafa, kumene mphepo inkachokera kudambo. Tinawaona akukanunkhiza, n'kudonthezamo malovu, n'kupukuta ndi chala, n'kulawa kunsonga kwa lilime. Analavula. Anabwerera pang'onopang'ono kwa bambo.

"A Banda, fetereza sakhala wabulauni. Uyu ndi fodya wonyika."

Bambo anayang'ana mayi, mayi anapukusa mutu. Anayang'ana Tiyamike, amene sankatha n'komwe kufikira pamene ndindi zinkapachikidwa. Kenako onse anayang'ana ine. Nkhuku ija inandipulumuka.

Ndikanakonda kulemba pano kuti ndinaulula. Sindinaulule. Ndinagwidwa. Zimene ndinanena pambuyo pake, za pepala la mbuzi, za nkhupakupa, za tsamba la giredi yapamwamba, zinali zongodzaza dzenje limene linali litaoneka kale. Ndinatulutsa ngakhale pepala lija m'thumba ngati mboni. A Mkandawire analiwerenga mpaka pong'ambika paja, n'kulitembenuza, n'kundibwezera.

"Fodya amapha nkhupakupa chifukwa ndi poizoni, a hedimasitala. Mbuzi imapulumuka chifukwa ndi yaikulu ndipo siimwa. Aka n'kolemera ngati chisononkho." Sanakweze mawu. "Kangati?"

"Awiri Lachitatu. Phulusa Lachinayi. Kanthu madontho okha."

"Ndiye ataona awiri afa, anabwerezanso," anatero mayi, osauza ine, osauza aliyense.

Bambo anandisiya pomwe ndinaima. Anapita pamene panaima Tiyamike, n'kunjuta mpaka nkhope zawo zinalingana. Sindinawaonepo akutero kwa mwana.

"Mama, ndinakulakwira. Sunaphe ndiwe. Wamva? Lowa m'chigafa nthawi iliyonse imene ufuna."

Tiyamike anagwedeza mutu, n'kupita kukanyamula Kanthu m'dengu. Sanandiyang'ane.

A Mkandawire anasiya malangizo, ndipo anawapereka kwa iye, osati kwa ine. Mkaka wa ng'ombe ulekeke. Madzi owiritsa, ozizira pang'ono, a kashuga ndi kamchere kotsina ndi zala ziwiri, madontho ochepa pafupipafupi tsiku lonse. Botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsanza ligone pambali pake, chifukwa kamphaka kozizira sikagaya chakudya. Akayamba kulimba, kaphala kamadzimadzi ka usipa wosinja ndi dzira. Mankhwala a njoka anati adzabwera nawo okha sabata yotsatira, akadzayamba amuyeza kulemera kwake, ndipo anatero ndithu. Chilango changa chinali kuchapa thumba lija m'mawa ndi madzulo, ndi kukaonetsa kwa Tiyamike chilichonse chimene ndapezapo ndisanachape. Masiku oyamba chinali chamadzi. Kenako ngati phala. Tsiku lina m'mawa ndinapeza kachimbudzi kolimba, kabulauni, kakatali ngati nyemba, ndipo ndinathamanga nako pa tsamba la mango ngati ndatola ndalama. Tiyamike anakayang'ana bwinobwino.

"Wachira," anatero. Kenako, ali chiyang'anire pa tsambalo: "Munali pompo, achimwene. Pamene bambo amanena zija. Munali pompo."

Sanabwerezenso mawu amenewo, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Kanthu anakula, ngakhale sanafike msinkhu wa mayi wake. Anakhala m'chigafa zaka zambiri ndipo makoswe ankamuopa. Koma mutu wake unkagwedezeka pang'ono akakhala phee, ngati nkhalamba imene ikukana chinthu chimene palibe wina akuchimva. Sindikudziwa ngati anali madontho aja kapena matenda amene anadutsamo, ndipo ndinasiya kalekale kunena zinthu zimene sindikudziwa za amphaka. Ankalola aliyense kumugwira, ngakhale alendo. Ine ndikalowa m'chigafa ankakwera pa mtanda wapamwamba, pakati pa masamba, n'kumandiyang'ana kuchokera kumeneko, mutu ukugwedezeka, mpaka nditatuluka.

Sukulu ndinalekera panjira, koma kuwerenga sindinasiye. Lero ndili ndi mashelefu awiri a mabuku ogula pa kaunjika ku Kasungu boma, ena opanda chikuto, ena opanda masamba otsiriza, ndipo ndikafika pong'ambika ndimatseka buku n'kuvomera kuti nkhani yathera pamenepo kwa ine. Fodya ndimalimabe pang'ono. Nyengo yosankha ikafika, ndikanyowetsa masamba kuti afewe, fungo la fodya wonyowa limandibwezera pa chipika chija, ndipo ndimaona kakamwa kakutseguka popanda mawu.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti phunziro la nkhaniyi ndi lakuti usapatse chamoyo mankhwala amene sukuwadziwa. Limenelo ndi loona, ndipo ana anga ndawauza. Koma pamene ndikukula ndimaona kuti imfa zitatu zija sizilemera mofanana. Khala ndi Mawanga anaphedwa ndi umbuli wa mwana amene ankafuna kuthandiza, ndipo mwana ameneyo ndimatha kumukhululukira. Phulusa anafa chifukwa ndinaona mitembo iwiri n'kusankha kukhulupirira nzeru zanga. Ndipo masiku awiri amene mlongo wanga anakhala pa muzu wa mango akutsuka manja amene sanalakwe, amenewo sanali umbuli ngakhale pang'ono. Ndinkadziwa zonse, ndipo ndinkadya nsima yanga.

Tiyamike anakwatiwa ku Lukwa, ali ndi ana atatu. Timagwirizana. Amandiimbira foni kawirikawiri, timaseka, amanditchabe a hedimasitala. Akalandira kalata yovuta amanditumizira kuti ndimuwerengere, mafomu a sukulu a ana ake ndimalemba ndine, ndipo akakangana ndi alamu anga amayamba wauza ine. Koma ndinazindikira chinthu china mwana wake woyamba ali wakhanda, ndipo chakhala choncho ndi ana onse atatu. Mwana akadwala, ine sandiuza. Ndimadzamva atachira.